Kabureta ya ndege ikamadontha, sipanala ikhale m'bokosi

Chilimwe chino, m'mahang'ala ndi m'timabwalo tafumbi ta m'maesiteti ozungulira Lilongwe, mwabuka chizolowezi chimene sitiyenera kuchilekerera. Munthu afika m'mawa, atsegula valavu ya mafuta, aona madontho akugwa pansi pa injini cha pa tayala lakutsogolo. M'malo moimitsa ulendo atenga sipanala, agogoda kambale ka kabureta kawiri katatu, kudontha kuleka, apukuta ndi sanza, atseka chivundikiro, uyo wanyamuka. Mukamufunsa akuti nidulo inangokakamira pang'ono, pano yamasuka.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti nthawi zambiri kudonthako kumalekadi. Mafuta amalowa m'kambale kudzera pa kabowo kamene kamatsekedwa ndi nidulo, ndipo niduloyo imakankhidwa ndi fuloti yoyandama pamwamba pa mafuta, monga zimakhalira m'thanki ya chimbudzi chogejemula. Mafuta akafika pa muyezo wake fuloti imakwera, nidulo n'kutseka. Ikapanda kutseka, mafuta amangokwerabe mpaka kusefukira kukhosi kwa kabureta, kutsikira m'bokosi la mpweya, n'kuyamba kudontha pansi. Pa ndege za Cessna 150, 152 ndi ma 172 akale a kabureta, matanki ali m'mapiko pamwamba pa injini ndipo mafuta amatsika okha popanda pampu. Mukasiya valavu yotsegula madzulo, kabureta yosatseka bwino ichezera kudontha usiku wonse.

Tsono mukagogoda mwakonza chiyani? Ngati chinali kachitsotso pakati pa nidulo ndi mpando wake, mwangokasuntha. Kagwera pansi pa kambale pomwe kangathe kukatseka jeti, kabowo kamene mafuta amatulukira popita mu injini, ndipo kumene kanachokera kuli anzake ambiri amene akubwera pambuyo. Ngati fuloti ikukhuza khoma la kambale, kapena kamtanda kamene imazungulirapo kadyeka, mwaimasula lero basi, injini ikanjenjemera ikakamiranso. Choopsa koposa ndi fuloti imene yamwa mafuta. Ya mkuwa imang'aluka pa msoko pamene anaiwotcherera, ya pulasitiki yokhala ndi mphako imalowa mafuta pamene zidutswa zake zinalumikizidwa, ndipo ina imangonyowa pang'onopang'ono mpaka kulemera. Fuloti yolemera imamira pang'ono, choncho mafuta amayenera kukwera kuposa muyezo kuti iyo itseke nidulo. Mukaigogoda imatseka mongoyembekezera. Pansi pauma, koma m'kambale mafuta ali pamwamba kwambiri, ndipo mawa fulotiyo idzakhala yolemera kuposa lero. Palibe sipanala imene imatulutsa mafuta m'kati mwa fuloti.

Mafuta akakwera m'kambale, injini imalandira mafuta ochuluka kuposa mpweya umene ikukoka. Kuno kwathu vuto limeneli limakula kawiri chifukwa tili pamtunda. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi lili pa mamita pafupifupi 1,230 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiwo mafiti 4,000 ndi pang'ono. Masana a Okutobala kukatentha kufika madigiri 30, injini imapuma ngati ili pa mafiti pafupifupi 7,000, ndipo ngakhale yabwinobwino imakhala itataya kale gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu zake. Mpweya wachepa kale, inu mwawonjezeranso mafuta. Ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke, ndipo pa kabwalo ka kuesiteti kamene kumapeto kwake kuli mzere wa bulugama, mtunda wowonjezerawo palibe.

Komanso injini yotere siizima ikamalira mokweza, ayi. Pa throttle yonse (throttle ndi chogwirira chowonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya injini) imameza mafuta ambiri mwakuti osefukirawo amabisika. Imadzazima pamene mwabweza throttle pofuna kutera, pamene injini ikungofuna timafuta tochepa koma kabureta ikuithira ngati mpopi. Woyendetsa akaona kuti watsika kwambiri n'kukankha throttle kuti akwere pang'ono, injini imatsamwa, imatulutsa utsi wakuda, mwina n'kuzimiratu. Apa n'kuti ali mamita ochepa pamwamba pa minda ya anthu.

Za moto ndiye sindikudziwa kuti tinene kangati. Kabureta za Marvel-Schebler, monga MA-3SPA ya pa injini ya Continental O-200 ndi MA-4SPA ya pa Lycoming O-320, zimakhala kunsi kwa injini ndipo mpweya umakwera kuchokera pansi. Mafuta osefukira amakhuthukira m'bokosi la mpweya n'kudikha momwemo. Injini ikaphulikira m'mbuyo poiliza, lawi limakumana ndi mafutawo. Pa injini ya Rotax 912 zinthu zili mwina: kabureta ziwiri za Bing 64 zili pamwamba cha kumbuyo, pansi pake pakudutsa mapaipi a ekizozi. Timbale tolandira madontho timene amaika pansi pa kaburetazo ndi toti tikupulumutseni tsiku limodzi latsoka, si toti muzidalira mwezi wonse. Ndipo ena anatichotsa kalekale chifukwa akuti timavutitsa pomasula.

Ngakhale tisiye za ngozi, taonani ndalama zokha. Dontho limodzi pa sekondi ndi madontho 86,400 pa tsiku, malita opitirira 2 a avgas, petulo wa ndege, amene amabwera kuchokera kunja, ogulidwa ndi ndalama zakunja zimene aliyense akudziwa mmene zikusowera. Mafutawo akugwera pa tayala lakutsogolo n'kumadya labala. Mapulagi onse 8 akuda ndi mwaye, ndipo apansi amayamba kulephera mukamayesa magineto, zipangizo zopereka moto ku mapulagi. Mafuta osapsa akutsuka oyilo m'makoma a masilinda n'kutsikira m'sampu. Zonsezi pofuna kupewa kumasula kabureta imodzi.

Mlimi wina wa fodya ndi soya cha ku Kasiya ali ndi kandege ka mipando iwiri ka Rotax 912 kamene amayendera minda. Makaniko atamuuza kuti kabureta yakumanzere imasulidwe, iye anayankha kuti, "Achimwene, pampu yanga yothirira kudimba ndakhala ndikuigogoda chonchi zaka zambirimbiri, mpaka lero ikupopa. Injini ndi injini." Anagogoda, anauluka. Patapita masiku injini inazima ndege itangogunda pansi, ikuthamangabe pa bwalo, mwamwayi mawilo ali kale pa dothi. Atamasula n'kuika mafuloti awiri a kaburetayo pa sikelo, analemera magalamu opitirira 9. Rotax inatulutsa chenjezo la mafuloti amenewa mu 2014, ndipo malire ake ndi odziwika: awiri a kabureta imodzi pamodzi asapitirire magalamu 7. Kasikelo koyezera zimenezi n'kotchipa kuposa pulagi imodzi ya ndege. Bamboyo mpaka pano amanenabe kuti vuto linali mafuta a tsiku limenelo. Pampu ya kudimba ikazima mumangokoka chingwe kachiwiri, ndipo n'zimene zinamulowa m'mutu.

Pa nkhani ya mafuta anali ndi kamfundo pang'ono, ngakhale si mmene ankaganizira. Petulo wa pa filing'i siteshoni m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo dziko lino linayamba zimenezi mu 1982. Rotax imalola ethanol mpaka 10 peresenti. Zilolezo zodziwika zothirira petulo wa galimoto mu Cessna za Lycoming ndi Continental sizilola ethanol ngakhale pang'ono, chifukwa amafufumitsa labala wa m'mapaipi akale, amasupula utomoni wa m'matanki, ndipo amakoka madzi. Tizidutswa timene tasupukato timathera pa mpando wa nidulo. Kuyeza n'kosavuta: thirani mamililita 10 a madzi m'botolo loonekera, lembani mzere pamene afika, onjezani mamililita 90 a petulo, khutchumulani, dikirani. Madzi akakwera kupitirira mzere, muli ethanol. Onjezani apo diramu limene lakhala padzuwa chivundikiro chili chosamanga, dzimbiri pansi, fumbi la chilimwe pamwamba, mafuta n'kuthiridwa m'phiko ndi fanulo yopanda sefa. Mukatero musadabwe kuti nidulo ikukakamira.

Pali abale ake a sipanala amene ndimawaonanso. Wina akaona chinyezi pa mzere pamene kambale kamakumana ndi thupi la kabureta, amapaka silikoni wofiira uja wa m'galimoto. Petulo amamufewetsa, amafufuma, tizidutswa n'kulowa m'kati. Wina amakulunga tepi yoyera ya mapulambala pa ulusi wa paipi yolowetsa mafuta, ndipo kaulusi kamodzi ka tepiyo n'kokwanira kuimika nidulo. Wina amangomanga masikuluwu mpaka dzanja kuwawa, n'kupinda mlomo wa kambale moti ngakhale gasiketi yatsopano singatsekenso. Masikuluwu amenewa amamasukadi ndi kunjenjemera, Lycoming inatulutsa chenjezo lotchedwa Service Bulletin 366 pa nkhani yomweyi, koma mankhwala ake ndi gasiketi yatsopano, mawashala atsopano opinda aja, ndi kumanga pa torque, muyezo wa kamangidwe, ya m'buku. Washala wopinda akawongoledwa kamodzi watha ntchito. Izi timaphunzira chaka choyamba, koma anthu akumawabwezera.

Si dontho lililonse limene likutanthauza kuti kabureta yawonongeka. Amene amapopa throttle katatu kanayi asanalize injini akupopera mafuta m'khosi mwa kabureta kudzera pa accelerator pump, kapampu ka m'kabureta kamene kamathira mafuta mukakankha throttle, ndipo popeza palibe mpweya wowakweza, amagwera m'bokosi n'kudontha. Amenewo amaleka okha pakapita mphindi zochepa. A fuloti saleka mpaka mutatseka valavu. Kusiyanitsa kwake n'komweko, ndipo kupopa throttle nakonso kulekeke, primer, kapampu kothirira timafuta tolizira injini, anaiikira ntchito imeneyo.

Zoyenera kuchita n'zodziwika kale. Tulutsani ndege panja, magineto ndi batire zikhale zozimitsa, chozimira moto chili pafupi. Tsekani valavu, pukutani kabureta iume, iwazeni ufa wa choko. Tsegulani valavu, mixture (chogwirira chosinthira kuchuluka kwa mafuta osakanikirana ndi mpweya) ili pa rich, pa mafuta ambiri, ndipo ngati ndege ndi ya mapiko apansi yatsani batire ndi pampu yamagetsi. Yang'anani pamene payambe kunyowa. Avgas wa 100LL ndi wa buluu, amasiya banga looneka bwino pa choko. Pakanyowa polowera paipi, vuto ndi fitting kapena gasiketi ya kasefa kolowera. Pa mzere wa kambale ndi gasiketi ndi masikuluwu. Pa pulagi yokhuthulira pansi ndi ulusi wake. Akamachokera m'khosi, kapena pa kapaipi kopumira ka Bing, ndiye fuloti ndi nidulo.

Musanamasule yezani mphamvu ya pampu, chifukwa ikapitirira imakankha nidulo yabwinobwino. Lycoming O-320 ndi O-360 za kabureta zimafuna pakati pa 0.5 ndi 8 psi. Rotax 912 ya pampu yakale pakati pa 0.15 ndi 0.4 bar, ndipo paipi yake yobwezera mafuta kuthanki isakhale yotsekeka. Khuthulirani mafuta a m'kambale m'botolo loyera muone zimene zatsikira pansi. Tsukani kasefa kolowera ndi gascolator, sefa imene mafuta amadutsamo asanafike ku kabureta; mukapeza dzimbiri kapena tizidutswa takuda ta labala, tsatirani mpaka kuthanki, apo ayi mudzamasulanso mwezi wamawa. Fuloti ya mkuwa igwedezeni pafupi ndi khutu, kenako imizeni m'madzi otentha: ikatulutsa thovu yabooka, itayeni, musaiwotcherere. Za Rotax zikatuluka m'mafuta zisiyeni ziume mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako ziyezeni pa sikelo. Marvel-Schebler tsopano imapanga fuloti yolimba ya epoxy ya buluu yopanda mphako, ndipo ngati mwatsegula kale, ikani imeneyo. Nidulo ndi mpando wake zisinthidwe limodzi, makamaka nsonga ikakhala ndi mkombero wodyeka. Msinkhu wa fuloti muutenge m'buku la nambala ya kabureta yanuyo, osati pamtima.

Mukabwezera, siyani valavu yotsegula mphindi 15 muone ngati pauma. Lizani injini itenthe, ili pa idle, ikulira motsitsa, kokani mixture pang'onopang'ono: liwiro lake likwere pang'ono isanazime, likakwera kuposa malire a m'buku mafuta akadali ochuluka. Ntchito yonseyi ndi ya injiniya wa laisensi, ndipo ilembedwe m'logbook ya injini pamodzi ndi nambala za zipangizo zimene zalowa.