Momwe mungaperekere ntchito yokonza buku kwa ena popanda kutaya umwini wake

Kale kampani yosindikiza mabuku inkalemba ntchito akonzi ake, oyala masamba ndi ojambula zikuto, onse n'kumagwirira ntchito pamalo amodzi. Makompyuta atalowa mu ntchitoyi zinthu zinasintha, makamaka kuyambira mu 2007, chaka chimene Amazon inatulutsa Kindle, chipangizo chowerengera mabuku, ndiponso chimene EPUB inakhazikitsidwa ngati mtundu wa fayilo ya mabuku owerengera pa foni ndi pa kompyuta. Lero makampani akuluakulu a ku London ndi New York amatumiza mabuku ndi magazini a sayansi kukayalidwa ku Chennai ndi Puducherry m'dziko la India, kapena ku Philippines. Wosindikiza wamng'ono, ngakhalenso mlembi wodzisindikizira yekha, angathe kuchita chimodzimodzi, bola adziwe chimene akupereka ndi chimene chiyenera kutsala m'manja mwake.

Yambani ndi kugawa ntchitoyo. Kukonza chilankhulo, kuyala masamba, kujambula chikuto, kuwerenga komaliza kofufuza zolakwika ndi kupanga EPUB ndi ntchito zosiyana, ndipo si kawirikawiri kuti munthu mmodzi azidziwe bwino zonse. Kuyala masamba mungapatse munthu wakutali amene sadziwa n'komwe chilankhulo cha bukulo, koma kukonza mawu ndi kuwerenga komaliza kumafuna mwini chilankhulo.

Mukagawa, konzani zolemba zanu musanazitumize. Mu Word kapena LibreOffice, mitu ndi ndime zilembedwe pogwiritsa ntchito masitayilo a pulogalamuyo, osati pongokulitsa zilembo kapena kubwerezabwereza mipata, chifukwa woyala masamba amadalira masitayilowo polowetsa zolembazo mu InDesign, pulogalamu yoyalira masamba. Lembaninso tsamba limodzi la malamulo a kalembedwe: momwe mukulembera manambala, madeti, mayina ndi mawu obwereka. Ngati m'bukumo muli zilembo zokhala ndi zizindikiro pamwamba, monga ŵ kapena é, nenani poyambirira, pakuti si mtundu uliwonse wa zilembo umene uli nazo, ndipo zikasowa pamatuluka timabokosi topanda kanthu.

Musapereke buku lonse kwa munthu amene simunamuyese. Mupatseni mutu umodzi, makamaka wovuta, wokhala ndi zithunzi kapena mawu a m'munsi mwa tsamba, mum'lipire, muone ntchito yake komanso mafunso amene akufunsa. Amene sanafunse kalikonse pa mutu wovuta ndi wofunika kumukayikira.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa mgwirizano, ndiye tikhalitsepo. M'mayiko ambiri amene anasaina pangano la Berne la mu 1886, umwini wa chithunzi kapena chojambula umakhala wa amene wachipanga kuyambira pamene wachipanga, ndipo kungomulipira munthu amene si wantchito wanu sikutanthauza kuti umwiniwo wabwera kwa inu. Choncho mgwirizanowo ulembedwe, ndipo unene momveka kuti chikuto ndi zithunzi mukuzigula zonse kapena mwangololedwa kuzigwiritsa ntchito, pa mabuku a mtundu wanji komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Unenenso kuti pomaliza mudzalandira mafayilo oyambirira, kutanthauza fayilo ya InDesign pamodzi ndi zithunzi zake zonse ndi mndandanda wa mitundu ya zilembo imene yagwiritsidwa ntchito, osati PDF yokha. PDF ili ngati chithunzi cha nyumba yomangidwa kale: mungaione, koma kusuntha khoma n'kovuta. Wosindikiza amene ali ndi PDF yokha, akadzafuna kukonza bukulo patapita zaka zisanu woyala masamba uja atasowa, adzalipira kachiwiri ntchito imene analipira kale. Mgwirizano womwewo utchule kuti zolakwika zidzakonzedwa kangati popanda ndalama zowonjezera, malipiro adzaperekedwa m'magawo angati, ndiponso ngati mukulola kuti zolemba zanu zilowetsedwe m'mapulogalamu a AI, nkhani imene masiku ano siyenera kusiyidwa yosakambidwa.

Nambala ya ISBN, imene imazindikiritsa buku pamsika, itengeni nokha, m'dzina lanu kapena la kampani yanu, ku bungwe lopereka manambalawa m'dziko lanu. Kuyambira pa 1 Januwale 2007 nambalayi ili ndi manambala 13, ndipo buku la papepala ndi la EPUB lililonse limafuna yakeyake. Kindle Direct Publishing, njira ya Amazon yodzisindikizira mabuku, imapereka ISBN yaulere, koma imagwira ntchito kumeneko kokha. Akaunti zogulitsira mabuku nazonso zitsegulidwe ndi imelo yanu, osati ya amene mwamulemba ganyu.

Mafayilo akabwera, ayeseni musanamalize kulipira. PDF yopita kosindikiza ikhale ndi zithunzi za 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), mitundu ya CMYK (ya inki zinayi zosindikizira) ngati osindikizawo akufuna choncho, zilembo zonse zolowetsedwa mufayilo, ndi mamilimita atatu owonjezera m'mphepete mwa tsamba limene chithunzi chake chikufika kumapeto. EPUB iyeseni ndi EPUBCheck, pulogalamu yaulere yosamalidwa pansi pa W3C, bungwe loyala miyezo ya intaneti limene linatenga udindo wa EPUB mu 2017. Kenako itseguleni pa foni yaing'ono, mukulitse zilembo, muone ngati ndime zikuyenda bwino ndiponso ngati mndandanda wa mitu ukukufikitsani pamalo oyenera. Ngati bukulo lidzagulitsidwe m'mayiko a European Union, kumbukirani kuti kuyambira pa 28 Juni 2025 lamulo la kumeneko limafuna kuti mabuku owerengera pa foni ndi pa kompyuta athe kuwerengedwa ndi anthu osaona, ndiye chithunzi chilichonse chofunika chikhale ndi mawu ochifotokoza.

Ngati mukusindikiza kudzera m'makampani amene amatulutsa buku pokhapokha wina akaligula, monga IngramSpark, itanitsani kope limodzi loyesera, mulipatse wowerenga amene sanalionepo kuti aliwerenge papepala. Akatsimikiza, sungani mafayilo onse malo awiri osiyana, lililonse litalembedwa deti lake, pamodzi ndi migwirizano yosainidwa.