Musanagwetse mtengo kuno ku Joni, dziwani kaye mwini wake

Abale anga amene mukugwira ntchito za mugadeni kuno ku Johannesburg, ndi inu amene mukuchita lendi kapena mwagula nyumba zanu, nkhani ya mitengoyi tiikambirane bwinobwino chifukwa ambiri tikulowa m'mavuto tisakudziwa. Kumudzi mtengo ukakusowetsa mtendere umangotenga nkhwangwa basi, kuno ayi ndithu.

Choyamba yang'anani pamene tsinde laima. Ngati lili kunja kwa mpanda, papevimenti paja pakati pa geti ndi msewu, mtengowo ndi wa khonsolo ndipo amene amausamala ndi a Johannesburg City Parks and Zoo. Zilibe kanthu kuti kapinga wa pamenepo mumatchetcha ndinu sabata iliyonse, kapena kuti masamba ake amadzadza m'magata a nyumba yanu. Kuudula, kuusadza nthambi, kudula mizu kapena kuuthira mankhwala kuti uume popanda chilolezo ndi mlandu ndipo pali chindapusa.

Ine ndinaphunzira movutikira. Chaka china bwana wina amene ndinkamugwirira ganyu Loweruka anandiuza kuti ndichotse nthambi za jakaranda wa panja pa geti chifukwa maluwa ake ofiirira aja amamatirira pagalimoto mvula ikagwa, ine osaganiza kawiri ndinakwera ndi sowo yanga, nthambi ziwiri zili pansi kale ndinangoona mayi wa nyumba yoyandikana waima ndi foni akundijambula. Bwana uja anali m'nyumba phee, wogwira sowo ndinali ine. Chichokereni tsiku limenelo bwana aliyense akanena za mtengo wa panja ndimamuyankha mwaulemu kuti bwana, uwu ndi wa khonsolo, tiyeni tiwaimbire eni ake.

Kuimbako sikovuta. Nambala ya mzinda ndi 0860 562 874, muwauze dzina la msewu, nambala ya nyumba, dera lake, ndi vuto lenileni, kaya nthambi yathyoka ikulendewera, kaya mizu ikutukula pevimenti, kaya mtengo wauma wapendekera kumsewu. Akupatsani nambala ya lipoti, chonde ilembeni penapake musaitaye, jambulaninso zithunzi tsiku lomwelo. Masiku akapita osaona munthu, tumizani nambala ija ndi zithunzizo kwa khansala wa wodi yanu, kapena pa gulu la WhatsApp la mumsewu mwanu, anthu angapo akadandaula chinthu chimodzi zimayenda msanga. Ndipo musadikire mvula. Mabingu ndi mphepo za kuno zimayamba cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndiye mtengo wokayikitsa ulipoteni nthawi yozizira ntchito isanawachulukire.

Nthambi zikakhudza mawaya a magetsi musayandikire n'komwe, ngakhale mtengowo uli m'yadi mwanu. Itanani a City Power, kapena a Eskom ngati dera lanu magetsi amachokera kwa iwo ngati mbali yaikulu ya Soweto. Makwerero achitsulo pafupi ndi waya ndi imfa imeneyo, ndipo kutumiza maliro ku Malawi tonse tikudziwa mmene kumapwetekera.

Tsopano mtengo wa mkati mwa mpanda. Uwu ndi udindo wa mwini nyumba, kuusadza, kuusamala, ndipo ukagwera pa khoma kapena galimoto ya neba chonsecho unkaoneka kale kuti wawola, mwini nyumbayo akhoza kulipitsidwa. Ngati mukuchita lendi musadule kanthu landilodi asanavomere, ndipo avomere pa meseji osati pakamwa. Palinso mitengo yotetezedwa ndi lamulo la nkhalango la 1998, monga mlambe, mfula ndi yellowwood, imeneyi ngakhale ili m'yadi mwako pamafunika laisensi ya boma usanaidule. Yellowwood ndi amene mungakumane naye kwambiri m'magadeni akuno, ngati simukumudziwa bwino funsani ku nazale.

Za nthambi za neba zolowa kwanu, yambani mwalankhula naye. Mumupemphe adule yekha, mupatseni nthawi, akakana ndiye mutha kudula zokhazo zimene zadutsa malire, osalowa m'yadi mwake komanso osadula mopha mtengo. Koma kunena zoona nkhani zambiri zotere zimathera pa moni ndi kapu ya tiyi.

Pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi pa kachirombo kotchedwa shot hole borer. Kanapezeka koyamba mu South Africa mu 2017 ku Pietermaritzburg ndipo kawononga mitengo yambiri kuno, makamaka London plane, box elder, oak ndi maple. Ndi kakang'ono ngati kambewu ka chitowe, kamaboola thunthu n'kulowetsamo nkhungu imene imatseka njira za madzi mpaka mtengo kuuma. Yandikirani pa khungwa muone, mupeza timabowo ting'onoting'ono ngati tobaya ndi nsonga ya bolopeni, pena pali madontho onyowa, pena utuchi wosalala ngati ufa. Mukaona zimenezi uzani mwini nyumba, ngati ndi wa mumsewu lipotani. Chimene chimandiwawa n'chakuti ife tomwe timakafalitsa osadziwa, bwana akati tenga nkhunizi ukawotchere nyama ife timakondwa n'kuzikweza pa bakki kupita nazo ku Rosettenville kapena ku Diepsloot, kachirombo kali momwemo. Nkhuni za mtengo wodwala zisachoke pamalopo mwachisawawa, ndipo sowo yanu muipukute ndi mankhwala ophera tizirombo musanakagwire gadeni ina.

Zomera zina lamulo limati mwini malo azichotse, monga lantana ndi bugweed, fodya wakutchire uja wa masamba aubweya amene amayabwa pakhosi ukamamudula, valani kansalu kumphuno. Jakaranda nayenso ali m'gulu la zomera zotere, koma wa m'tauni lamulo linamupatula, palibe amene angakukakamizeni kumudula.

Zinyalala za mugadeni musakataye pakona kapena mumtsinje, pitani nazo ku malo a Pikitup, kampani ya khonsolo yotola zinyalala, olandirira masamba ndi nthambi, ndipo ngati katunduyo ndi wa mtengo wogwidwa ndi kachirombo kaja, auzeni a pageti musanatsitse.