Kuyankha funso la FizzBuzz mu Python, JavaScript ndi C

Makampani ambiri akamafuna kulemba ntchito munthu wopanga mapulogalamu a kompyuta amamuyesa ndi funso lotchedwa FizzBuzz. Amakuuzani kuti mulembe pulogalamu yoonetsa manambala kuyambira 1 mpaka 100, koma pamalo pa nambala yogawika ndi 3 palembedwe Fizz, pa yogawika ndi 5 palembedwe Buzz, ndipo pa yogawika ndi onse awiri palembedwe FizzBuzz.

Yambirani m'kope. Kuno kuchigwa, dzuwa la Okutobala likaswa mtengo ku Ngabu kapena ku Nchalo, laputopu imatentha msanga, ndiponso pa intavyu ena amangokupatsani pepala ndi cholembera.

Nkhani yonse yagona pa zotsala pogawa. Mukagawira ana asanu mbuzi 17, aliyense amatenga zitatu ndipo ziwiri zimatsala m'khola. M'zilankhulo zitatu zonsezi zolembera mapulogalamu (Python, JavaScript ndi C) chizindikiro cha % ndicho chimapereka zotsalazo, moti 17 % 5 ndi 2, pamene nambala yogawika bwinobwino imasiya 0.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa ndondomeko ya mafunso. Mukayamba kufunsa za 3, pulogalamu ikafika pa 15 ilemba Fizz n'kupitirira, osayang'ananso za 5. Choncho funsani za 15 poyamba, chifukwa nambala yogawika ndi 3 komanso ndi 5 imagawikanso ndi 15. Mu Python, chilankhulo chomwe Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, zimaoneka chonchi:

```
for n in range(1, 101):
    if n % 15 == 0:
        print("FizzBuzz")
    elif n % 3 == 0:
        print("Fizz")
    elif n % 5 == 0:
        print("Buzz")
    else:
        print(n)
```

Onetsetsani kuti mwalemba 101, chifukwa range imalekera panjira nambala yomaliza isanafike, ndipo mipata ya kumayambiriro kwa mizere isasokonekere.

Mu JavaScript maganizo ndi omwewo, kungoti mumayamba ndi `for (let n = 1; n <= 100; n++)`, elif imasanduka else if, mumayerekeza ndi === ndipo mumaonetsa yankho ndi console.log. C ya Dennis Ritchie, ya mu 1972, ndiye yosanyengerera: pamwamba pamafunika `#include <stdio.h>`, n mumanena kuti ndi int (nambala yathunthu), ndipo mukaiwala \n (chizindikiro choyambira mzere watsopano) mu printf, lamulo loonetsera yankho, mayankho onse amaunjikana pamzere umodzi ngati matumba a thonje pamsika.

Musanapereke ntchitoyo, werengani zomwe zatuluka. FizzBuzz ayenera kuoneka kasanu ndi kamodzi, kuyambira pa 15 kulekezera pa 90, Fizz payekha ka 27, Buzz payekha ka 14, ndipo manambala otsala osasinthidwa akhale 53.