Kulemba buku la nkhani ya mimbulu yobwezeredwa kutchire

Mlembi wa kuno ku Zomba wofuna kulemba buku lotere ali ndi poyambira pafupi. Ku nkhalango ya Yellowstone, ku America, adabwezeretsa mimbulu mu 1995 alimi a ziweto akukana. Kwathu kuno mimbulu ya mu Africa idafika m'nkhalango ya Liwonde mu 2021, itapeza mikango yomwe idabwera mu 2018. Dzina ndi limodzi koma nyamazi n'zosiyana, ndiye sankhani mtundu umodzi muudziwe bwino.

Ambiri amapunthwa pa khalidwe la nyamayo. Mimbulu yathu imasaka pagulu, m'mamawa ndi chakumadzulo. Mukalemba kuti yathyola khola pakati pa usiku, mlimi wa ku Chingale adzangoti ameneyo ndi fisi, n'kutseka buku. Kawirikawiri yaikazi imodzi yokha ndiyo imaswa, ndipo ana amakhala ku una pafupifupi miyezi itatu. Ikabwera kumene imayamba yatsekeredwa mumpanda kuti izolowerane, ina n'kuvekedwa kolala ya GPS yosonyeza kumene ili. Zimene zimaipha ndi misampha ya waya, mikango, komanso chiwewe cha agalu a m'mudzi. Mmbulu ukafa m'buku mwanu, ufe ndi chimodzi mwa zimenezi.

Mlimi musamusandutse mbuli yodana ndi chilengedwe. Muwerengereni chuma chake: mbuzi zisanu, ziwiri zajiwa kubusa, imodzi idali ya fizi ya mwana wa Fomu 2, inayo ya feteleza. Akaimirira pabwalo n'kunena kuti, "Zikomo amfumu, nanga mbuzi zangazi andibwezera ndani?", pasapezeke woyankha msanga. Mlonda wa nkhalango akhale mwana wa m'mudzi momwemo, amene mawa akakumbe nawo manda pamaliro. Mkangano umapweteka pamene okanganawo sangathe kuthawana.

Mwini nkhani m'buku mwanu, akakhala wovulala mumtima chifukwa cha zoopsa zomwe adakumana nazo, ndiye wofunika kuleza naye mtima. Musafotokoze zomwe zidamuchitikira m'mutu woyamba. Owerenga aone kaye kuti sagona, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, amakhala choyang'ana kukhomo. Chinsinsicho chituluke pang'onopang'ono, mwina katatu, kwa anthu osiyana: mchemwali wake, mayi wa kumpingo, namwino. Cholakwika chachikulu ndi kumuchiritsa tsiku limodzi poona ana a mimbulu akutuluka ku una. Achire ngati chilonda cha pamwendo, chouma lero n'kunyukanso nthawi ya dzinja, ndipo m'mutu womaliza agone mpaka tambala woyamba basi.