Mmene mungadziwire ngati nthawi yogulitsa nyumba ya lendi yakwana

Eni nyumba ambiri mu Blantyre muno amayamba kuganiza zogulitsa tsiku limene wa lendi wathawa usiku ndi ngongole ya miyezi itatu, n'kusiyanso zitseko zothyoka. Umenewo ndi mkwiyo chabe, ndipo umatha, pamene nyumba ikapita yapita. Musanaimbire ejenti, tengani kope ndi cholembera.

Choyamba, werengerani chimene nyumbayo imakupatsanidi

Lembani ndalama zimene zinafikadi m'manja mwanu chaka chathachi, osati zimene munagwirizana ndi wa lendi. Kenako chotsani za penti, pulambala, kupopa chimbudzi, city rates ya kukhonsolo, ground rent (lendi ya malo) ngati malowo ndi a Malawi Housing Corporation kapena a unduna wa za malo, ndi msonkho wa MRA.

Tiyerekeze kuti muli ndi nyumba ku Chilomoni imene ingagulidwe K60 miliyoni, ndipo lendi ndi K300,000 pa mwezi. Pa chaka ndi K3.6 miliyoni. Miyezi iwiri munalibe munthu, yatsala K3 miliyoni. Zokonza ndi misonkho zadya K600,000. Mwatsala ndi K2.4 miliyoni, kutanthauza K4 pa K100 iliyonse ya mtengo wa nyumbayo. N'zochepa, ndipo apa m'pamene ambiri amathamangira kugulitsa. Dikirani kaye.

Chachiwiri, ndalamayo mupita nayo kuti?

Funso lalikulu ndi ili, ndipo amene alibe yankho lomveka asagulitse. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anagulitsa nyumba izi zisanachitike n'kusiya ndalama mu akaunti, anadzazindikira kuti sizingamangenso nyumba ngati yomweyo, poti simenti, malata ndi zitsulo zinakwera. Mtengo wa nyumba umatsatira mtengo wa zomangira, mwapang'onopang'ono koma umatsatira ndithu. Ndalama yongokhala sitero, komanso achibale sachedwa kuinunkhiza.

Kugulitsa kumakhala kwanzeru pamene ndalamayo ili kale ndi ntchito. Ngati muli ndi ngongole kubanki imene chiwongoladzanja chake chikupitirira 25 peresenti, nyumba yopereka 4 peresenti ikukugwiritsani ntchito yaulere. N'chimodzimodzinso ngati mwapeza kale puloti ya mapepala abwino ku Machinjiri kapena ku Chileka pomwe mungamange nyumba zitatu zazing'ono mu mpanda umodzi. Alendi atatu sathawa tsiku limodzi. Koma zogulitsa nyumba kuti mugule galimoto, kapena muyambe bizinesi imene simunaichitepo, ine sindingakulimbikitseni.

Chachitatu, iyendereni nyumbayo mvula ikugwa

Pitani mu January kapena February, ndi mmisiri amene mumamukhulupirira. Onani siling'i ngati ili ndi mabala a madzi, gogodani mitengo ya denga muone ngati chiswe sichinalowe, ndipo mng'alu uliwonse wochokera pa maziko muulembe ndi pensulo kumapeto kwake, mudzaonenso pakatha mwezi ngati wakula. Kukonza kumene kungadye lendi ya zaka ziwiri kapena zitatu ndi chifukwa chokwanira choganizira zogulitsa.

Malo nawonso amalankhula. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, wogula wanzeru amayang'ana kaye kumtunda asanayang'ane nyumba. Ngati yanu ili m'mbali mwa phiri kapena pafupi ndi mtsinje, musabise. Wogula adzamva kwa aneba.

Chachinayi, konzani mapepala

Nyumba ya title deed imagulika bwino chifukwa wogula angathe kutengera ngongole kubanki. Ya kalata ya amfumu yokha, ngati zambiri za ku Ndirande, Mbayani kapena Bangwe, imadikira wa ndalama m'manja, ndipo ameneyo amanenerera kwambiri. Malizani ngongole za khonsolo, Blantyre Water Board ndi ESCOM. Pa malo a lizi pamafunika chilolezo cha eni malowo musanasinthe umwini, ndipo a MRA amafuna kuti za msonkho zikhale zolongosoka. Ngati nyumbayo ndi ya masiye, musayerekeze kuigulitsa opanda zikalata zokupatsani mphamvu yoyendetsa chumacho komanso musanamvane ndi anzanu onse a gawo. Milandu yotere imatha zaka kukhoti, wogula ataluza, inunso mutadana ndi abale.

Chachisanu, dziwani mtengo weniweni

Lipirani valuer wovomerezeka, katswiri wowerengera mtengo wa nyumba. Ejenti wa pamsewu amatchula mtengo waukulu kuti mumupatse nyumbayo, pakatha miyezi iwiri n'kuyamba kukunyengererani kuti mutsitse, poti iye akufuna komishoni yake msanga. Pa mtengo wa valuer chotsanipo komishoni, loya ndi msonkho. Chotsalacho ndicho muyerekeze ndi lendi ija.

Za mwezi wogulitsira musavutike nazo kwambiri, kungoti January anthu amakhala atapanikizika ndi fizi, ndiye ogula amachepa.

Mukatsimikiza, muuzeni wa lendi nokha, molemba, mogwirizana ndi pangano lanu, asamvere kwa anthu obwera kudzaona nyumba. Ngati amalipira bwino, mufunseni kaye ngati angaigule, kapena mudziwitseni wogula kuti muli munthu wodalirika, chifukwa ena amafuna nyumba ya wa lendi kale. Malipiro adutse kwa loya kapena kubanki, ndipo makiyi ndi mapepala musapereke chifukwa cha uthenga wa pafoni wonena kuti ndalama zatumizidwa. Funsani kubanki kwanu, atsimikize kuti zalowa zonse.