Momwe mungasankhire lamba wa kamera wopirira kutentha kwa m'chigwa cha Shire

Ojambula zithunzi ambiri kuno ku Chikwawa ndi Nsanje amakhetsa thukuta kuti agule kamera, koma za lamba saziganizira n'komwe. Amangogwiritsa ntchito amene anabwera ndi kamerayo. Vuto n'lakuti makamera ambiri amafika kuno atadutsa kale m'manja mwa anthu ena ku Limbe kapena ku Joni, ndiye lambayo amakhala atatopa kalekale. Onjezanipo dzuwa lathuli. Ikafika Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, pomwe ukwati wa ku Nchalo kapena ku Ngabu umayambira kutchalitchi m'mawa n'kudzatha dzuwa litalowa. Lamba amene amaoneka wofewa m'sitolo ya ku Blantyre akhoza kukusupulani khosi nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Pogula, anthu amakonda kufinya kasiponji ka paphewa kuti amve kufewa kwake. Ine ndimayamba ndi kumapeto kwa lamba, pamene amalumikizana ndi kamera, chifukwa makamera amagwera pamenepo. Tifikapo, koma tiyambe ndi sikelo.

1. Yezani katundu amene mumanyamula

Ikani kamera m'jumbo, pamodzi ndi lenzi imene mumagwiritsa ntchito kwambiri, batire ndi fulashi, n'kupempha ogula nandolo kapena chitowe akupimireni pa sikelo yawo yolendewera ija. Canon 2000D yokhala ndi lenzi ya 18-55mm imalemera magalamu pafupifupi 700. Canon 5D Mark IV yokhala ndi batire koma yopanda lenzi ndi magalamu 890, lenzi ya 70-200mm f/2.8 ndi pafupifupi kilo ndi theka, ndipo fulashi yaikulu yokhala ndi mabatire anayi imayandikira theka la kilo. Zonsezi pamodzi ndi makilo atatu kusiya pang'ono, tsiku lonse.

Ngati katundu wanu sakufika kilo imodzi, lamba wa masentimita 2.5 kapena 3 m'lifupi akukwanirani. Akapitirira kilo ndi theka, funani wa masentimita 4 mpaka 5. Lamba wopyapyala amadula mnofu, wotakata amagawa kulemerako.

2. Sankhani pamene kulemerako kutsamire

Lamba wa m'khosi ndi amene aliyense amamudziwa. Kwa kamera yopepuka komanso ntchito ya ola limodzi, monga kujambula zithunzi za ziphaso kapena ana a sukulu, palibe vuto. Koma kulemera konse kumathera pa kamalo kamodzi kumbuyo kwa khosi, pomwenso thukuta limasonkhana. Mukawerama kuti mukonze diresi la mkwatibwi, kamera imalendewera kutsogolo n'kukamenya mpando.

Kwa munthu wogwira ntchito tsiku lathunthu, ine ndimalimbikitsa lamba wopingasa, wochoka paphewa lamanzere kudutsa pachifuwa mpaka m'chiuno chakumanja. Phewa limapirira kuposa khosi, manja onse awiri amakhala omasuka, ndipo munthu sangakutsomphoreni kamera mosavuta m'chipwirikiti cha pa perekaniperekani kapena pamsika wa Bangula. Ena mwa malamba amenewa ali ndi kangowe koyenda mu lambamo, kotero kamera imakwera kufika kumaso lamba osasuntha paphewa. Ngati mwavala jekete, zimenezi zimathandiza kuti isamakwinyike.

Kungokoleka lamba paphewa limodzi osapingasa, monga amanyamulira chikwama, ndi njira imene sindingauze munthu. Malaya a nayiloni akanyowa, lamba amaterereka.

Palinso kalamba ka pamkono, kabwino kwa makamera ang'onoang'ono komanso kwa iwo amene kamera sichoka m'manja, monga pojambula magule a likhuba kapena utse pomwe mukuthamanga uku ndi uku. Kuipa kwake n'kwakuti dzanja limodzi lagwidwa ukapolo. Amene amanyamula makamera awiri afune malamba ovala mapewa onse awiri okumana kumsana. Amayi ena ojambula amakondanso amenewa chifukwa sadutsa pakati pa chifuwa. Kungoti amatenthetsa msana.

3. Nsalu yake igwirizane ndi thukuta

Apa ndi pamene malangizo ambiri a pa intaneti amatisocheretsa, chifukwa amalembedwa ndi anthu a kumalo ozizira. Iwo amayamikira kwambiri neoprene, kansalu konga labala kotamuka kaja. N'zoona, kamachepetsa kugwedezeka poyenda. Koma sikalola mphepo kudutsa. Kuno kamasunga thukuta pakhungu, pofika masana khosi layamba kuyabwa, ndipo pakapita masiku kamayamba kafungo. Ngati mumakakondabe, kakhale paphewa pamwamba pa malaya, osati pakhungu.

Chikopa n'chokongola ndipo chenicheni chimakhalitsa, koma thukuta lili ndi mchere umene umachiumitsa mpaka kuyamba ming'alu, ndipo m'dzinja chimachita nkhungu. Chikopa chabodza ndiye musachiyandikire, chimasupuka pakangotha miyezi yochepa ya dzuwa la kuno. Lamba wa thonje amamwa thukuta bwino ndipo sawotcha, kungoti amachedwa kuuma. Nayiloni kapena poliyesita wolukidwa mosalala, wofanana ndi lamba wa pampando wa galimoto, ndi amene ndimamuona wogwirizana ndi chigwa chino: ndi wolimba, amachapika, amauma msanga. Yendetsani chala m'mphepete mwake. Ngati mukukanda chala, ndiye kuti khosi mudzalicheka.

Nzeru yotchipa ndi iyi: pitani kwa telala akusokereni timatumba tiwiri ta chitenje, totseguka mbali zonse, totalika masentimita 30, tolowetsa lamba mkati. Kamodzi kakanyowa mumachapa n'kuvalika kena. Kamabisanso dzina la Canon kapena Nikon lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu lija, limene limauza wakuba ali patali kuti m'chiuno mwanu muli ndalama.

4. Yang'anitsitsani polumikizira

Makamera ali ndi malo atatu omangirira lamba: makutu awiri a m'mbali ndi bowo la pansi lomangira tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu. Makutu a makamera ambiri a Canon ndi timipata tafulati tolowetsa lamba mwachindunji, ndipo timalola lamba wa pafupifupi sentimita imodzi m'lifupi. Makamera ambiri a Fujifilm, Sony ndi ena a Nikon ali ndi timitu tachitsulo tobooka, tofuna kamphete kolowetsamo kaye.

Kamphete kameneko kakatayika, ambiri amangochotsa ka pa makiyi n'kuikapo. Musatero. Timphete ta makiyi totchipa ndi ta waya wofewa, timayasama pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina lamba amangotulukamo. Kamphete kabwino mukakatsegula ndi chikhadabo kamabwerera n'kutsekeka kothina, osasiya mpata. Kakayamba dzimbiri, kasintheni. Pakati pa kamphete ndi thupi la kamera ikanipo kachikopa kobooka kuti chitsulo chisamapale penti.

Chenjeraninso ndi ngowe zonyezimira zozungulira zimene zimakhala pa malamba a zikwama za pa kaunjika. Zambiri ndi za chitsulo choumba chosalimba. Sizipindika kuti zikuchenjezeni, zimangothyoka kamodzi n'kamodzi. Zotsekera zapulasitiki zongodina n'kumasuka nazonso zimauma ndi dzuwa. Ngati pulasitiki yake yayamba kutuwa kapena ili ndi kamng'alu, ntchito yake yatha.

Malamba opingasa ambiri, monga a kampani ya BlackRapid, amamangidwa pa bowo la pansi ndi kabawuti. Bowo limeneli ndi la muyezo umodzi pafupifupi pa makamera onse, kota ya inchi, ndiye kabawutiko kamalowa paliponse. Koma kamera ikamagwedezeka m'chiuno, kabawuti kamamasuka kokha pang'onopang'ono. Onetsetsani kuti kali ndi kalabala pansi pake, kamangeni kothina, ndipo zolowerani kukagwira ndi zala nthawi iliyonse mukasintha batire kapena khadi. Pamwamba pa izo mangani kachingwe kachiwiri kanayiloni kuchoka pa khutu la kamera kukafika pa lamba. Kabawuti kakakukhumudwitsani, kamera idzalendewera pa kachingweko m'malo mokapsompsona simenti.

A kampani ya Peak Design amapanga timabatani tozungulira tokhala ndi kachingwe tolumikizira lamba ku kamera, timene amati timapirira makilo 90, ndipo kachingwe kake kakayamba kutha kamaonetsa mtundu wina wa mkati. Ndi tabwino kwa munthu wosinthasintha malamba. Koma tachinyengo tofanana nato tadzadza pa intaneti, ndiye mtengo ukatsika modabwitsa, kayikirani.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa: mukavalika lenzi yaitali yolemera, monga pokajambula nyala ku Lengwe kapena njovu ku Majete, lamba amangidwe pa kamwendo ka pansi pa lenziyo, osati pa kamera. Apo ayi kulemera konse kumakoka pakamwa pa kamera pomwe lenzi imalowera, ndipo kukonzetsa pamenepo si masewera.

5. Lowetsani lamba moyenera

Lamba wabwino womangidwa molakwika amapululuka. Kumapeto kwa lamba wamba kumakhala tipulasitiki tiwiri: kotsekera ka mabowo awiri, ndi kamphete kotsetsereka. Tengani mchira wa lamba, muulowetse m'khutu la kamera kuchokera kunja, muubweze n'kuudutsitsa m'kamphete kotsetsereka kaja. Kenako kokani lamba amene wadutsa pa kotsekera kuti atukuke, pansi pake pakhale mpata. Mchira uja ulowe mumpatamo kudzera bowo lakutali ndi kamera, utulukire bowo lapafupi, ndipo ubwererenso m'kamphete. Mukakoka, mchira umapanikizika pakati pa malamba awiri, ndipo kulemera kwa kamera kumauthinitsa m'malo mouzula. Siyani mchira wa masentimita 4 kapena 5. Ukayamba kusomoka ulusi, uwambeni pang'ono ndi machesi kuti nayiloni asungunuke n'kumatana.

Kutalika kwake: wopingasa afikitse kamera pa fupa la m'chiuno, pomwe dzanja limagwera lokha. Wa m'khosi aifikitse pamwamba pa mchombo. Ikatsika kuposa apo imakumenyani poyenda. Kwezani kamera kumaso, muitembenuze choimirira. Ngati lamba akukoka kapena kuphimba poonera, musintheni.

6. Muyeseni musanapite naye kwa kasitomala

Imani pamwamba pa matiresi, gwirani lamba pakati, gwedezani kamera mwamphamvu kangapo, n'kuona ngati mchira wasuntha kapena ulusi watseguka. Kenako muvale ndi malaya amene mumagwirira ntchito, muyende naye padzuwa ola limodzi. Pamene pafiira kapena kuyabwa ndi pamene padzatupe Loweruka.

Ngati ndalama zavuta

Lamba wakale wa pampando wa galimoto, amene mungamupeze kwa amakaniko, ndi wa pafupifupi masentimita 5 m'lifupi ndipo anapangidwa kuti agwire munthu wamkulu pangozi. Muchapeni, mudule kutalika koyenera, mupite naye kwa wosoka nsapato. Kumapeto konse asokerereko timalamba tanayiloni ta sentimita imodzi tolowa m'makutu a kamera, ndi ulusi wa nsapato uja. Muwauze kuti: "Bambo, musoke bokosi, mkati mwake mupingase X, mubwereze kawiri." Mzere umodzi wowongoka sukwanira. Timalamba tating'onoto tikhale tatsopano kapena tooneka tamoyo, chifukwa mphamvu ya lamba yense ikuthera pa ito.

Pa kabaza ndi m'bwato

Pa njinga yamoto, kamera ilowe m'chikwama. Misewu yambiri ya ku East Bank, kum'mawa kwa Shire, ndi ya fumbi ndi mabampu, ndipo lamba wolendewera akhoza kukodwa m'sipoko kapena pa nthambi ya minga. Ngati mukufunadi kuti ikhale kunja, fupikitsani lamba kamera ikakamire pachifuwa, ndipo muiphimbe ndi nsalu.

M'bwato, kaya mukuwoloka Shire cha ku Chiromo kapena mukujambula mbalame ku Elephant Marsh, lamba amateteza kamera kuti isapulumuke m'manja basi. Madzi samawaletsa. Pokwera ndi potsika, pomwe bwato umapendama kwambiri, kamera ikhale m'kandowa kapulasitiki kotseka bwino. Mukakhazikika, ivaleni m'njira yoti mukhoza kuivula ndi dzanja limodzi. M'mtsinje wa mvuu ndi ng'ona simufunika chingwe chokukolani m'khosi bwato ukatembenuka.

Kumusamalira

Mchere wa thukuta ndi fumbi zikalowa mu ulusi zimaudya. M'nyengo yotentha chotsani lamba pa kamera kamodzi pa mwezi, mumuchape ndi sopo pang'ono m'madzi ozizira, mumuyanike pamthunzi. Madzi a m'mijigo ina kuno ndi amchere, ndiye tizitsulo tipukuteni tiume bwinobwino. Wachikopa musamumize, mungomupukuta ndi kansalu konyowa n'kumupaka mafuta a chikopa. Musasiye kamera ndi lamba wake pa dashibodi ya galimoto, chifukwa dzuwa limafooketsa nayiloni ngakhale akuoneka wabwinobwino. Pomubwezera, pindani malo amene amakhudzana ndi khutu la kamera n'kuyang'ana pakuwala. Pakatuwa, pakapyapyala kapena pakatuluka tiulusi, dulani pamenepo n'kumangira pa malo atsopano, ndipo mchira ukafupika kwambiri pitani kwa wosoka nsapato akaikepo wina.