Reel yakale ikalimba musaitaye, imasuleni

Reel, chipangizo chokulungira chingwe pa ndodo yowedzera nsomba, ikakhala zaka zambiri m'bokosi nthawi zambiri imakhala isanafe. Mukapukusa chogwirira n'kumva kulemera, kapena mkati mukamamveka khwekhwerere, vuto kawirikawiri silikhala magiya ayi, koma girizi wakale amene anauma n'kusakanikirana ndi mchenga. Ma reel akale monga Mitchell 300 ya ku France, imene inayamba kugulitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, kapena Ambassadeur imene kampani ya Abu ya ku Sweden inatulutsa mu 1952, anawapanga ndi zitsulo zomanga ndi masikuluu, ndipo ambiri akugwirabe nsomba mpaka lero. Pano tikamba za reel imene imalendewera kunsi kwa ndodo, yokhala ndi sipulu (pokulungira chingwe) kutsogolo ndi waya wokhota wokola chingwe, poti ndi imene owedza ambiri ali nayo.

Musanakhudze sikuluu iliyonse, yalani nsalu yoyera patebulo kuti tizitsulo tisagubuduzike komanso tizioneka. Foni ikhale pafupi, ndipo muzijambula nthawi iliyonse musanachotse chinthu. Chilichonse chimene mwachotsa chiikeni pamzere, kuyambira kumanzere kupita kumanja, chitayang'ana mbali imene chinayang'ana chili mkati. Ma reel ambiri amene amafika kwa okonza ali m'kapepala, zidutswa zokhazokha, sanathyoke chilichonse: mwini wake anangoiwala kuti washala uyu anali pamwamba kapena pansi. Sikuludiraiva ikhale yokwana bwino m'mutu mwa sikuluu. Ma reel a ku Japan monga Daiwa ndi Shimano amakhala ndi masikuluu a muyezo wa JIS, ofanana kwambiri ndi a Phillips (a mutu wa mtanda aja) koma osiyana pang'ono, ndipo sikuludiraiva yolakwika imaterereka n'kudya mutu wa sikuluu. Imene yagwira dzimbiri idonthezereni mafuta omasulira, muisiye usiku wonse. Osaikakamiza.

Yambani ndi kutsogolo. Masulani chotsekera cha drag (buleki ya chingwe) chimene chili kutsogolo kwa sipulu, mutulutse sipulu. Pamtengo wachitsulo umene sipulu imakhalapo mupeza tiwashala topyapyala. Tiwerengeni, chifukwa nditofunika kumapeto. Mkati mwa sipulu muli mawashala a drag atasanjikizana, achitsulo ndi ofewa mosinthanasinthana, ndipo amatsekedwa ndi kawaya kopindika. Awa ndiwo buleki ya chingwe nsomba ikamakoka. Achitsulowo sali ofanana onse: ena ali ndi timakutu tokola m'mbali mwa sipulu, ena ali ndi bowo lophwatalala logwira mtengo wapakati. Mukawasokoneza, drag imagwira mwa apo ndi apo kapena osagwira n'komwe.

Kenako chotsani chogwirira, tsegulani chivundikiro cha m'mbali, ndipo masulani nati imene imagwira mutu wozungulira umene wanyamula waya wokhota uja. Pa nati imeneyi samalani, pa ma reel ena mazinga ake ndi obwerera, imamasuka potembenuzira kumanja. Ikakana, yesani mbali inayo pang'onopang'ono musanawonjezere mphamvu. Mkati muona giya yaikulu yoyendetsedwa ndi chogwirira, kagiya kakang'ono kamene nthawi zambiri kamakhala ka mkuwa, ndi kachitsulo kamene kamakankha mtengo wa sipulu kutsogolo ndi kumbuyo. Pambali pa giya yaikulu pamamatira tiwashala topyapyala kwambiri, tobisika m'girizi. Ambiri amatitaya pamodzi ndi nsanza yopukutira, kenako n'kumadabwa kuti chogwirira chayamba kugwedera.

Sipuling'i ya waya wokhota ndiyo imathawa. Ngati wayayo akutseka bwino, ine ndimati isiyeni momwemo, ingopukutani. Ngati mukuyenera kuitsegula, lowetsani mutu wonsewo pamodzi ndi manja anu m'jumbo yoonekera mkati, kuti ikadumpha igwere momwemo.

Kutsuka kulibe zambiri. Magiya ndi zitsulo zina muzinyike mu palafini, muzikweche ndi mswachi wakale, ndipo ziume bwinobwino. Mabeyaring'i muwakhutchumule m'kabotolo ka sipiriti mpaka sipiritiyo azituluka woyera. Zapulasitiki ndi zopentedwa zimangofuna madzi a sopo, chifukwa mankhwala amphamvu monga thinala amazisungunula. Pamkuwa pakamera zobiriwira, viniga wothira madzi amachotsa m'mphindi zochepa, koma mutsukuluze ndi madzi pambuyo pake, ndipo aluminiyamu musamusiye m'menemo. Beyaring'i ikauma, ivekeni kunsonga ya pensulo muizungulitse ndi chala. Ikamagwiragwira kapena kulira ngakhale mwaitsuka, yatha. Yezani bowo lake, kukula kwake kunja ndi kuchindikala kwake m'mamilimita, mwachitsanzo 7 x 14 x 5, chifukwa ndi manambala amenewa mungapeze ina yofanana nayo ngakhale kampani inasiya kalekale kupanga reel yanuyo.

Tsopano pofunika kumvetsetsa ndi pa mafuta, poti apa ndi pamene reel yabwinobwino imaonongekera m'manja mwa munthu woikonda. Girizi ndi wa magiya ndi malo amene chitsulo chimakhuzana ndi chinzake mwamphamvu. Oyilo wopepuka ndi wa mabeyaring'i, kawilo kodutsa chingwe ka pa waya wokhota, mfundo za waya wokhota ndi mtengo wa sipulu. Girizi mumupake ndi kaburashi m'mano a giya mokha, kungoti mano anyezimire. Musadzaze chibokosi chonse poganiza kuti mukuiteteza. Girizi wambiri amalemeretsa chogwirira, amakoka fumbi, ndipo nyengo yozizira amalimba. Beyaring'i iliyonse dontho limodzi lakwana. WD-40 ndi wabwino pomasula sikuluu ya dzimbiri, koma si mafuta oti reel iziyendera: amasungunula girizi n'kusiya magiya ali ouma pakapita nthawi yochepa.

Pali malo amodzi pomwe girizi ndi mdani, pa chimene chimaletsa chogwirira kubwerera m'mbuyo. Ma reel akale amagwiritsa ntchito kadzino kokola m'giya, kokankhidwa ndi kasipuling'i kofooka, ndipo girizi akachuluka kadzinoko kamamatira osakola. Atsopanoko amakhala ndi beyaring'i yoyenda mbali imodzi yokhala ndi timipukutu tachitsulo, timene timagwira ntchito pokanirira. Mukaipaka girizi imaterereka, ndipo mudzazindikira tsiku limene nsomba yaikulu yakoka, chogwirira n'kukubwererani pa zala. Pukutani pamenepo, mupake oyilo pang'ono chabe, ndipo muonetsetse kuti simunaitembenuze poibwezera, apo ayi reel izingozungulira chobwerera.

Mawashala ofewa a drag amasiyana. A nsalu yothinana aja amafuna timadontho ta oyilo, ndipo akaphwatalala kapena kung'ambika muwasinthe. A kaboni amapakidwa girizi wake wa drag mopyapyala, mpaka kuluka kwake kuzionekabe. Achitsulo akhale osalala, opanda dzimbiri. Kawilo kodutsa chingwe musakaiwale: kakaleka kuzungulira, chingwe chimakumba kamzere pamenepo, ndipo kamzereko kamadzadula chingwe chomwecho.

Pomanga, tsatirani mzere wanu uja chobwerera, ndipo muzipukusa chogwirira mukangoika chinthu chimodzi kapena ziwiri. Mukatero, pamene palimba mudziwa msanga chimene chalakwika, m'malo momasulanso zonse. Masikuluu a chivundikiro muwalowetse onse kaye asanalimbe, ndiyeno muwamange modumphitsa, pang'onopang'ono, makamaka ngati thupi la reel ndi lapulasitiki.

Mukamaliza, kulungani chingwe ndipo muone mmene chikugonera pa sipulu. Chikaunjikana kutsogolo, onjezerani kawashala kamodzi pansi pa sipulu. Chikaunjikana kumbuyo, chotsanipo kamodzi. Kokani chingwe ndi dzanja drag itamangidwa pakatikati: chizituluka mosalala, osadukiza. Amene mumawedza m'madzi amchere, mukabwerako mangani drag, tsukuluzani reel ndi madzi abwino owaza pang'onopang'ono, osati a mphamvu amene amakankhira mchere mkati, ipukuteni, kenako masulani drag musanaisunge kuti mawashala asakhale ofinyika miyezi yonse.